Bajeti ikadulidwa denga likudontha: sabata imodzi mu ofesi yosamalira nyumba zakale ku America

Lolemba m'mawa tinapeza kalata yochokera ku nthambi ya zachuma ya chigawo chathu itafika kale. Kalatayo ikuti nthambi iliyonse ikonze bajeti yocheperapo ya chaka chimene chiyambe pa 1 Julayi, ndipo munthu akapuma pantchito kapena akasiya, mpando wake ukhale choncho, asalembedwe wina. Makalata otere amabwera nyengo ino ya Malichi, aphungu a m'zigawo akamakambirana za ndalama, chifukwa zigawo pafupifupi zonse za America zili ndi lamulo loletsa kudya ndalama zoposa zimene zatoleredwa. Msonkho ukachepa, mpeni umayamba kudula kumene anthu sangalire msanga, ndipo nyumba yakale siifuula.

Ofesi yathu ndi imodzi mwa maofesi 59 otchedwa State Historic Preservation Office, ngakhale pakamwa aliyense amangoti shipo. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili nayo yake, mzinda wa Washington uli nayo, zilumba zingapo nazonso zili nazo. Maofesiwa anabadwa ndi lamulo la National Historic Preservation Act limene pulezidenti Lyndon Johnson anasaina pa 15 Okutobala 1966, anthu akadali ndi chilonda cha siteshoni ya sitima ya Pennsylvania Station ku New York imene inayamba kugwetsedwa mu 1963, komanso cha madera athunthu a m'mizinda amene anasalazidwa kuti padutse misewu ikuluikulu. Patatha zaka 10, mu 1976, kunakhazikitsidwa thumba la Historic Preservation Fund. Ndalama zake sizichokera ku msonkho wa anthu ayi, zimachokera ku makampani amene amalipira boma lalikulu kuti akumbe mafuta ndi gasi pansi pa nyanja, ndipo lamulo la thumbali linaika madola 150 miliyoni pachaka kuyambira mu 1980. Koma kulowa m'thumba ndi kutuluka m'thumba n'zosiyana. Palibe senti imene imatuluka aphungu a ku Congress asanavomereze chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka zambiri ankavomereza zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinkalowa.

Tsono chimene chinatidyera Lolemba lonse ndi masamu amene olemba kalata ija sawaona. Thandizo la ku Washington silibwera lokha. Pa madola 100 aliwonse oyendetsera ntchito yathu, boma lalikulu limapereka 60 pokhapokha ife titaonetsa 40 yochokera kwina, ndalama imene kuno amaitcha match. Tiyerekeze kuti chigawo chapatsidwa madola 1 miliyoni. Chiyenera kuikapo madola pafupifupi 667,000 ake. Chikachotsapo 100,000, gawo la ku Washington limene tingathe kutenga limatsika ndi 150,000, ndiye kuti ofesi yataya 250,000 pamene buku la aphungu likuonetsa kuti yangotaya 100,000. Maofesi ambiri amakhala ataikapo zoposa mlingo, kotero kudula koyamba sikupweteka nthawi yomweyo. Ntchito ya Lolemba inali kuona kuti mlingowo tauyandikira bwanji.

Wowerengera ndalama wathu anayala mapepala patebulo n'kuyamba kusonkhanitsa chilichonse chimene lamulo limalola kuti chiwerengedwe ngati gawo lathu: malipiro a antchito amene amalipidwa ndi chigawo, lendi ya ofesi, ndalama zimene makhonsolo amaikapo pa ntchito zimene tawapatsa thandizo, maola a aphunzitsi a yunivesite amene amatisungira zinthu zofukulidwa pansi, ngakhalenso maola a anthu odzipereka. Maola amenewa ndi amene amatayika kwambiri. Munthu wathera Loweruka lonse akujambula zithunzi za nyumba zakale za m'tauni mwake, koma ngati sanalembe tsiku, maola ndi ntchito imene wagwira, n'kusaina iye ndi womuyang'anira, ofufuza mabuku a ndalama amati tsikulo kunalibe. Ndalama ina yochokera ku boma lalikulu lomwelo siwerengedwa, kupatula ya chitukuko cha m'madera yotchedwa Community Development Block Grant, imene lamulo lake limalola. Pamwamba pa zonsezi, 10 peresenti ya zimene talandira si yathu. Kuyambira mu 1980 lamulo limati ipite kwa makhonsolo amene anavomerezedwa kuti ali ndi malamulo ndi makomiti awo osamalira zakale, otchedwa Certified Local Governments, amene m'dziko lonse ndi oposa 2,000.

Palinso mfundo ina imene imatsamwitsa maofesi ngati athu. Thandizoli ndi lobweza: timayamba tawononga ndalama za chigawo, kenako n'kutumiza malisiti. Chaka cha ndalama cha boma lalikulu chimayamba pa 1 Okutobala, cha zigawo zambiri chimayamba pa 1 Julayi, ndiye nthawi zonse pamakhala miyezi imene chigawo chimatibwereka. Mu 2025 ndalama za maofesi onse, madola 62 miliyoni ndi pang'ono, zinachedwa mpaka chapakati pa chaka, ndipo ofesi ya ku Ohio inafika pochotsa ntchito ena mwa antchito ake. Chigawo chimene chikudula bajeti yake sichikhala ndi mtima wobwereka munthu kwa miyezi isanu ndi itatu.

Lachiwiri ndi tsiku la mafayilo, ndipo mafayilo sadikira bajeti. Gawo 106 la lamulo la 1966 lija limati nthambi iliyonse ya boma lalikulu, isanapereke ndalama kapena chilolezo cha ntchito, ione kaye ngati ntchitoyo ikhudza malo a mbiri, ndipo itifunse. Choncho msewu, mlatho, nsanja ya mafoni, nyumba za anthu opeza zochepa, paipi yodutsa mtsinje, kukonza sukulu madzi osefukira ataphwa, zonsezi zimadutsa pa madesiki athu. Mwini ntchito amalemba malire a dera limene likhudzidwe, amafufuza zimene zili m'deralo, amanena ngati ziwonongeke kapena ayi, ife n'kuvomereza kapena kutsutsa. Tikagwirizana kuti chiwonongeko chilipo, timakhala pansi ndi onse okhudzidwa mpaka tisainirane pangano la mmene chipewedwere, chichepetsedwere, kapena chimene chichitike m'malo mwake.

Nthawi yathu yoyankha ndi masiku 30. Akadutsa tili chete, lamulo limalola mwini ntchito kupita chitsogolo. Apa ndi pamene mpando wosakhala munthu umawonongera zinthu popanda phokoso: palibe kalata yonena kuti manda akale awonongedwe, pamangokhala fayilo imene inafika tsiku la 31 isanatsegulidwe, kenako thalakitala n'kulowa. Manda ambiri a akapolo ndi a eni nthaka oyamba a dziko lino alibe zipilala, ndipo munthu amene angawakaikire poona mapu ndi katswiri wofukula zakale amene wathera zaka akuwerenga mitsinje ndi zitunda za chigawo chimenecho. Mitundu ya eni nthaka inaloledwa ndi lamulo la 1992 kukhala ndi maofesi ake ake, tsopano oposa 200, koma iwo amagawana ndalama zochepa kuposa zathu, madola 23 miliyoni pachaka m'zaka zaposachedwapa.

Mmene timapulumukira ndi motere. M'mawa fayilo iliyonse imalembedwa tsiku limene yafika ndi tsiku limene ifere. Yosakwanira imabwezedwa tsiku lomwelo, osati pa tsiku la 25, ndipo zosoweka zake zimakhala zomwezomwezo: mapu opanda malire, zithunzi zosalembedwa kuti wojambula anaima pati akuyang'ana kuti, ndi kusanena kuti akumba pansi mozama bwanji. Ntchito yokumba pamalo osakumbidwapo imapita patsogolo pa ntchito yosintha zikwangwani za pamsewu. Ndi nthambi zimene zimatitumizira ntchito zofanana mazanamazana, monga ya misewu, timasainirana pangano limodzi lalikulu lotchula ntchito zazing'ono zimene angapitirize osatifunsa. Pangano lotero limatenga miyezi kulikonza, koma likatha limamasula manja a munthu wathunthu.

Lamulo limafuna kuti ofesi ikhale ndi katswiri wa mbiri, katswiri wa mbiri ya kamangidwe, ndi katswiri wofukula zakale. Anthu atatuwa sangachotsedwe, mafayilo sangakanidwe, ndiye kudula kumagwera pa ntchito yoyendayenda m'matauni kulemba nyumba zimene zilipo. Ine ndimaona kuti kumeneku ndiye kudula koipitsitsa, ngakhale kuti sikuoneka chaka choyamba. Kawirikawiri nyumba imayamba kuganiziridwa ngati ya mbiri ikakwana zaka 50, kotero za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 zalowa kale m'gululi, pamene kalembera wa madera ena anachitika komaliza nyumbazo zili zatsopano. Woyankha fayilo ndi kalembera wotere amayankha ali m'chimbulimbuli.

Lachitatu tinapita kumudzi, ulendo wa maola atatu, kukaona tchalitchi cha njerwa chimene mpingo wa anthu akuda unamanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Abusa ndi mayi msungichuma anatidikira pakhomo atavala zikhoti, chipale chofewa chikusungunuka padenga. Iwo anatiitanira mawindo, chifukwa ndi amene amaoneka Lamulungu. Ife tinayamba ndi kuzungulira panja, maso ali m'mwamba.

Ngalande ya m'mphepete mwa denga kumpoto inali yodzaza masamba mpaka kamtengo katamera. Paipi yotsitsa madzi inali itaguluka pamwamba, moti madzi onse a theka la denga ankatsika ndi khoma. Pamene amadutsapo, njerwa zinali zakuda ndi chinyezi, zina zitachita mchere woyera. Pofika pamsinkhu wa chifuwa tinaona chimene timachiona pafupifupi pa nyumba iliyonse ya msinkhu umenewu: zaka zapitazo munthu wina wa mtima wabwino anamata mipata ya pakati pa njerwa ndi simenti. Simentiyo ili chilili, yolimba ngati mwala, koma nkhope za njerwa zatekedzeka n'kugwa, moti mizere ya simenti ndi imene yatulukira kunja, njerwa zitalowa m'kati. Pansi pa khoma panali fumbi lofiira lokwana m'manja awiri.

Chifukwa chake n'choti njerwa zakale n'zofewa, ndipo ankazimanga ndi laimu, amene ndi wofewa kuposa njerwazo. Khoma lotero limapuma kudzera m'mipata: madzi akalowa amatulukira mu laimu, khoma likasuntha pang'ono laimu ndi amene amagonja. Ukaikamo simenti, madzi amasowa potulukira n'kukhala m'njerwa. Kuzizira kukafika poumitsa madzi, madziwo amakula ndi pafupifupi 9 peresenti n'kuphulitsa nkhope ya njerwa, ndipo m'nyengo imodzi yozizira izi zimachitika kambirimbiri. Kukonza kwake n'kuchotsa simentiyo ndi tchizulo chamanja, mozama kuwirikiza kawiri kapena kawiri ndi theka kukula kwa mpata, kunyowetsa, n'kumata mosanjikiza pang'onopang'ono. Pa njerwa zofewa chonchi muyeso wake umakhala laimu mmodzi ku mchenga utatu, kapena ngati katswiri walola simenti, simenti imodzi, laimu awiri, mchenga 8 kapena 9. Makina odulira ozungulira aja amadya m'mbali mwa njerwa akakhala m'manja mwa munthu wothamanga. Ndipo wina akabwera n'kunena kuti atsuke khomalo pouluzira mchenga ndi mphepo yamphamvu, abwezedwe pageti, chifukwa amasenda khungu lolimba la njerwa, ndipo khungulo silimeranso.

M'kati pulasitala anali atatupa pakhoma lomwelo. Tinakwera kudenga ndi tochi. Pamene mtanda waukulu wa denga umakhala pakhoma lonyowalo, sikuludiraiva inalowa m'thabwa ngati ikulowa m'mbatata yophika. Mitanda ina inali bwino. Mayi msungichuma atauzidwa, anangogwira pakamwa, n'kufunsa ngati Lamulungu angapempherebe momwemo. Yankho limenelo ndi la injiniya, ndipo tinawauza kuti aitane mmodzi sabata yomweyo, mabenchi a pansi pa mtandawo asakhalepo munthu mpaka iye ataona.

Mndandanda wa ntchito pa nyumba yotere sumasintha: madzi achoke kaye padenga ndi pakhoma, mtanda uchirikizidwe, khoma liume, kenako njerwa, mawindo ndi penti pamapeto. Kuchotsa masamba m'ngalande ndi kulumikiza paipi n'zotheka ndi makwerero ndi amuna anayi a mumpingo, ndipo ndi zimene zimapulumutsa ndalama zambiri kuposa china chilichonse. Nyumba ya abusa yakale, imene ilibe munthu, tinalangiza kuti igonekedwe: denga litsekedwe, madzi a m'mapaipi akhuthulidwe kuti asaume n'kung'amba mapaipi, mawindo atsekedwe ndi matabwa koma pasiyidwe mipata ya mpweya pansi ndi pamwamba. Anthu amakonda kutseka ndithithi poopa akuba, nyumba n'kuwola ndi chuku m'kati m'zaka ziwiri. Yogonekedwa bwino, yoyenderedwa kawirikawiri, imatha kudikira zaka pafupifupi 10.

Titakhala pansi m'chipinda cha Sande sukulu, nkhani inafika pa ndalama. Funso loyamba linali ngati tchalitchichi chili m'kaundula wa National Register of Historic Places, mmene muli malo oposa 95,000. Sichili. Kulowa m'kaundulayu sikuletsa mwini nyumba kuigwetsa ndi ndalama zake, monga ambiri amaopera, koma ndi khomo la thandizo lochuluka. Pamafunika kulemba mbiri yokhala ndi umboni, kufotokoza nyumbayo mbali ndi mbali, zithunzi ndi mapu, kenako komiti ya akatswiri ya chigawo ikambirane, pomaliza wosunga kaundula ku Washington ali ndi masiku 45 ogamula. Zonse pamodzi zimadya chaka kapena kupitirira. Chachiwiri ndi lipoti la katswiri wa mapulani kapena injiniya lonena matenda a nyumbayo, mtengo wa chilichonse ndi choyamba kuchitidwa. Popanda lipotili, pempho limangokhala kulira, ndipo oweruza mapempho sapereka malikisi pa kulira.

Zinthu ziwirizi zimafuna ndalama zochepa poyerekeza ndi denga, ndipo mwachizolowezi zimalipiridwa ndi thandizo laling'ono la chigawo. Thandizo limenelo ndi limene lili pamzere woyamba wodulidwa m'kalata ya Lolemba.

Mathumba akuluakulu alipo ndithu, ndipo tinawatchula limodzi ndi zovuta zake. African American Civil Rights, limene National Park Service, nthambi ya boma lalikulu yoyang'anira mapaki ndi malo a mbiri, inayamba kupereka mu 2016, silifuna kuti wopempha aikepo gawo lake, koma mpingo uyenera kuonetsa ndi umboni kuti malowo anakhudzidwa ndi nkhondo yomenyera ufulu wa anthu akuda. Abusa anatchula misonkhano ya kalembera wa mavoti imene inkachitikira m'chipinda chomwecho, ndipo tinawapempha kuti mabuku a maminitsi a nthawi imeneyo awachotse m'chipinda chapansi chonyowa tsiku lomwelo. Save America's Treasures limafuna malo odziwika m'dziko lonse komanso dola pa dola iliyonse imene lapereka, ndipo thumbali linauma kuyambira mu 2011 mpaka linabwezeretsedwa mu 2017. Paul Bruhn Historic Revitalization Grants ndi la madera akumidzi ochepera anthu 50,000, koma limadzera m'bungwe kapena ofesi imene imagawanso kwa eni nyumba. Kunja kwa boma kuli National Trust for Historic Preservation, imene mu 2017 inatsegula African American Cultural Heritage Action Fund, mmene muli gawo la matchalitchi a anthu akuda, komanso National Fund for Sacred Places. Opempha ndi ochuluka kwambiri kuposa olandira.

Ambiri amagwa asanafike n'komwe kwa oweruza. Thandizo la boma lalikulu limafuna kuti bungwe lilembetse pa tsamba la boma la pa intaneti la SAM.gov n'kulandira nambala yake, ndipo dzina ndi adiresi zifanane ndendende ndi zimene zili ku ofesi ya msonkho. Chilembo chimodzi chikasiyana, masabata amapita. Kulembetsaku kumatha chaka chilichonse, ndipo Grants.gov, kumene mapempho amatumizidwa pa intaneti, siilandira pempho la bungwe limene kulembetsa kwake kwatha, ngakhale patsale ola limodzi kuti atseke. Amene apambana nawonso ali ndi mtolo wawo. Asayambe ntchito pangano lisanasainidwe ndipo mapulani asanavomerezedwe, chifukwa ndalama zimene zawonongedwa kale sizibwezedwa. Makontrakitala apikisane poyera. Malipoti atumizidwe pa nthawi yake. Ndipo mwini nyumba amasaina pangano lolembedwa pa chikalata cha malo, lomumanga kusamalira nyumbayo ndi kupempha chilolezo asanasinthe kanthu kwa zaka 5, 10, 20 kapena kupitirira, malinga ndi kukula kwa thandizo. Walira mvula walira matope, ndipo ndi bwino mpingo wonse umve za matopewo usanavote.

Lachinayi m'mawa tinali pa mafomu a msonkho. Iyi ndiye njira imene imabweretsa ndalama zambiri kuposa thandizo lililonse: mwini nyumba ya mbiri yochitiramo malonda, monga sitolo, hotela, maofesi kapena nyumba zalendi, akaikonza motsatira mfundo 10 zokonzera nyumba zakale za nduna ya boma lalikulu yotchedwa Secretary of the Interior, amachotseredwa pa msonkho wake 20 peresenti ya ndalama zovomerezeka zimene wawononga. Pa madola 1 miliyoni ndiye 200,000, ndipo kuyambira lamulo la msonkho la 2017 amazitenga m'zaka zisanu, 40,000 chaka chilichonse. Ndalama zogulira nyumbayo, zomangira chipinda chatsopano chophatikiza, zokonzera poimika magalimoto ndi kapinga siziwerengedwa. Ntchito iyenera kuposa mtengo wa nyumbayo wa m'mabuku a msonkho kapena madola 5,000, chimene chili chachikulu pa ziwirizi, m'miyezi 24, kapena 60 ngati inakonzedwa kuti ichitike m'zigawo. Akagulitsa nyumbayo kapena kuisintha molakwika zaka zisanu zisanathe, gawo la ndalamazo amalibweza.

Fomu ili patatu: yoyamba imatsimikiza kuti nyumbayo ndi ya mbiri, yachiwiri imafotokoza zimene zichitike, yachitatu imaonetsa zimene zachitika. Ife timaunika n'kutumiza ku National Park Service, amene amagamula. Fayilo yopweteka ya tsikuli inali ya munthu amene anatumiza gawo lachiwiri ntchito itatha. Mawindo onse a matabwa anawachotsa n'kuikamo a pulasitiki, pulasitala wa m'kati anamusenda kuti njerwa zioneke, poti ndi zimene makasitomala amakonda masiku ano. Zonse ziwiri zimatsutsana ndi mfundo zija, mawindo akale anapita kale kudzala, ndipo analibe zithunzi zoonetsa kuti anali owola osakonzeka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: foni imodzi asanayambe ikanamusungira ndalama zonsezo.

Njira ya msonkhoyi ndi yabwino, koma ili ndi malire amene sitiyenera kuwabisa. Tchalitchi cha Lachitatu sichingaigwiritse ntchito, chifukwa sichilipira msonkho ndipo si nyumba ya malonda. Munthu wokhala m'nyumba yake yakale sangaigwiritse ntchito. Bungwe losapanga phindu lingathe kugwirizana ndi banki imene imatenga kuchotseredwako n'kuikapo ndalama, koma malipiro a maloya ndi akauntanti amameza phindu lonse ngati ntchitoyo ndi yaing'ono. Motero ndalamazi zimathamangira ku mafakitale akale ndi mahotela a m'mizinda ikuluikulu. Amene amanena kuti chigawo chingathe kudula thandizo lake poti njira ya msonkho ilipo, akunena za nyumba zina, osati zimene timaziona m'matauni ang'onoang'ono.

Masana tinalemba tsamba limodzi lopita kwa aphungu a komiti ya bajeti. Monga antchito a boma sitikopa aphungu, timangoyankha zimene afunsa, ndipo anafunsa zimene zigawo zina zinakumana nazo. Michigan inathetsa kuchotsera msonkho kwake kwa chigawo mu 2011 n'kudzakubwezeretsa mu 2020, koma ndi malire a madola 5 miliyoni pachaka. North Carolina inalola kwake kutha kumayambiriro kwa 2015, patatha chaka chimodzi n'kukubwezeretsa matauni atadandaula. Illinois inatseka malo a mbiri angapo mu Disembala 2008, kuphatikizapo Dana-Thomas House ku Springfield, nyumba imene mapulani ake anajambula ndi katswiri wotchuka wa kamangidwe, Frank Lloyd Wright, n'kudzatsegulanso mu Epulo 2009. Nyumba yotsekedwa imafunabe moto wotenthetsera, alonda ndi wokwera padenga, ndipo katswiri amene wachoka sabwerera tsiku lotsegula.

Zigawo zimene zimapirira chilala ndi zimene zinakumba chitsime chawochawo, chosadalira voti ya chaka ndi chaka. Ku Colorado anthu anavota mu 1990 kuti juga iloledwe m'matauni atatu akale a migodi, Central City, Black Hawk ndi Cripple Creek, ndipo 28 peresenti ya msonkho wake ipite ku State Historical Fund. Ku Minnesota mu 2008 anavomereza kuonjezera masenti 37.5 pa madola 100 aliwonse ogulira katundu kwa zaka 25, ndipo 19.75 peresenti ya ndalamazo ndi ya luso, mbiri ndi chikhalidwe. Ku Massachusetts lamulo la 2000 limalola tauni kuvota kuti ionjezere mpaka 3 peresenti pa msonkho wa malo, ndipo 10 peresenti kapena kuposa ya zotoleredwazo isungidwire nyumba ndi malo a mbiri. Mtima wanga sukhazikika ndi ndalama ya juga, poti ndikudziwa m'matumba mmene imachokera, koma sindingakane kuti yafolera madenga ambiri.

Potseka tsambalo tinatchulanso thandizo la masukulu aukachenjede amene anakhazikitsidwira anthu akuda, otchedwa HBCU, limene limachokera m'thumba lomwe lija la mafuta a pansi pa nyanja. Imodzi mwa sukulu zimenezi ndi Virginia University of Lynchburg. Kale inkatchedwa Virginia Theological Seminary and College, ndipo ndi kumene John Chilembwe anaphunzira atabwera kuno ndi Joseph Booth mu 1897, asanabwerere mu 1900 kukayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Mmalawi akamva za kudulidwa kwa ndalama za nyumba zakale ku America adziwe kuti njerwa zina za mbiri yake zili kuno.

Lachisanu bajeti inapita. Tinasunga malipiro onse amene amawerengedwa ngati gawo lathu, kuti tisatsike pansi pa 40. Maulendo akumudzi tinawachepetsa ndi theka, kalembera wa maboma awiri tinamukankhira chaka china, maphunziro a makomiti a makhonsolo azichitikira pa intaneti. Thandizo laling'ono lija tinalisiya ndi kandalama kochepa m'malo molifufuta, chifukwa mzere umene wafufutidwa m'bajeti umavuta kuubwezeretsa kusiyana ndi mzere umene wangoonda. Makhonsolo tinawalembera kuti chaka chino mapempho olipirira malipoti a akatswiri ndi kulembetsa m'kaundula ndi amene aikidwe patsogolo, ndipo maola a odzipereka alembedwe tsiku lomwelo.

Cha m'ma 3 koloko mayi msungichuma anaimba foni. Injiniya abwera Lachiwiri, mabenchi atatu atchingidwa ndi chingwe, mabuku a maminitsi ali pamwamba pa kabati m'nyumba mwawo. Amuna a mumpingo akwera kungalande mawa m'mawa ngati padenga pasakhale poterera. Anafunsanso ngati pa SAM.gov alembe dzina la mpingo lokhala ndi mawu oti Incorporated kapena lopanda, ndipo tinawauza kuti atenge kalata ya ku ofesi ya msonkho akopere chilembo ndi chilembo. Titaika foni tinawerenga mafayilo otsala padesiki. Asanu ndi awiri akwanitsa masiku 30 sabata yamawa, awiri mwa iwo ndi okumba pansi m'mphepete mwa mtsinje, ndipo amenewo taika pamwamba kuti Lolemba tiyambire pomwepo.